Lole Yonse Kunyamula Mpando Umodzi

Abwana athu atachoka ku msonkhano wa ku Mangochi anabwerako ndi zinthu ziwiri: chambo chouma ndi pulogalamu yatsopano yoyendetsera ntchito. Chambocho tinangomva fungo m'galimoto. Pulogalamuyo ndiye inatigwera tonse, makamaka ine kalaliki, chifukwa pa kampani yathu yomanga nyumba ku Ginnery Corner kuja, aliyense wodziwa kulumikiza pulinta ndiye katswiri wa makompyuta.

Kale zonse zinali mu Excel, pa fulashi imodzi yoyenda m'matumba a anthu. Yatsopanoyi ili pa intaneti. Maonekedwe ndi omwewo, mizere ndi timipata tolembamo tija timati maselo, koma aliyense amaona zimene mnzake walemba nthawi yomweyo, ndipo imatumiza yokha uthenga. Mnyamata amene anadzatiikira anatchera lamulo limodzi asanapite: selo iliyonse yokhala ndi liwu lakuti "mwamsanga", uthenga uzipita kwa adalaivala ndi kwa osunga katundu ku Limbe. Tonse tinagwedeza mitu n'kupita kukadya chiwaya.

Abwana amafuna kuti akatsegula kompyuta, zofunika ziziwalumphira m'maso. Pa mzere wa mashopu amene tinkamanga ku Chirimba ndinalemba kuti, "Simenti matumba 200, Lachinayi m'mawa, mwamsanga". Anaima kumbuyo kwanga, kuloza ndi kiyi wa galimoto.

"Liwu lomalizali lokha linenepe, lide bii. Enawo uwasiye."

Mu Excel zimenezo n'zosavuta: usankha liwu limodzi m'kati mwa selo, udina B, basi. Kuno ayi. Ukadina B, selo yonse imanenepa kuyambira simenti mpaka kumapeto. Ukaika utoto wofiira, zonse psuu. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti pulogalamuyi imakongoletsa selo yathunthu kapena kuisiya osaikhudza.

"Ndiye tikulipiranji madola mwezi ndi mwezi? Madola akusowawa?"

Funso limenelo silinali langa, koma linatsala pa desiki panga.

Ndinayamba ndi zilembo zikuluzikulu. Tsiku lomwelo akapitawo anaimba foni ali pamwamba pa sikafodi: "Mwana iwe, ukundikalipira ine? Ndinayamba kugwira chipande usanabadwe!" Ndinachotsa. Ndinaika kadontho kofiira kutsogolo kwa liwulo, abwana akuti zimenezo n'za ana a pa WhatsApp, kasitomala akaziona aziti tikugulitsa kaunjika.

Mpulumutsi anali mwana wa mlongo wanga, wophunzira ku MUBAS, komwe ife akale timatibe ku Poly. Anabwera madzulo kudzapempha ya minibasi, anandipeza nditagwira tsaya.

"Malume, zimenezi mpaka kudandaula?"

Anatsegula tsamba lina pa intaneti. Ulemba liwu kumtunda, kumunsi likutuluka lonenepa, lopendekera, lopotanapotana, usankhe wekha. Anakopa lonenepalo n'kulimata mu selo. Linakhala! Liwu limodzi lakuda bii pakati pa anzake owonda. Ndinamupatsa ya minibasi ndi ya chipisi yomwe. Usiku umenewo ndinadutsa mzere ndi mzere, paliponse pamene panali "mwamsanga" n'kumatapo wonenepayo. M'mawa abwana anayang'ana, anamwetulira, anauza aliyense mu ofesi kuti mnyamatayu ali ndi tsogolo. Anandigulira Fanta.

Lachinayi linafika, tsiku lothira silabu. Ku Chirimba amisiri analawirira, aganyu ali ndi mawilibala, mchenga ndi miyala zili mulu, madzi adzaza m'madiramu. Makina osakaniza konkire tinabwereka olipira pa tsiku, kaya azungulira kaya angokhala. Simenti kulibe.

Akapitawo anaimba, ulendo uno ndiwo amakalipa. Ndinaimbira osunga katundu ku Limbe, akuti sanalandire uthenga uliwonse wa simenti sabata yonse, amangoganiza kuti ntchito zaima. Ndinaimbira adalaivala. Kumbuyo kwawo ndimamva mahutala ndi anthu oitanira malonda.

"Muli kuti, achimwene?"

"Ku Ndirande. Ndikufunafuna kalipentala uja."

"Kalipentala wa chiyani?"

"Wa mpando. Uthenga wabwera m'mawa kuti mwamsanga."

Mpando wa abwana wa kunyumba unathyoka mwendo, ndipo anandiuza kuti ndiulembe penapake kuti tisaiwale. Ndinaulemba kumunsi kwenikweni, ndi zilembo wamba popeza sunali wofunika: "Mpando wa abwana kwa kalipentala, si za mwamsanga". Pulogalamu siwerenga chiganizo, imangosaka zilembo zimene inauzidwa. Inapeza liwu lake pamenepo, "si za" inamudumpha, uthenga n'kupita. Pa ntchito zonse za kampani, yokhayo imene inaimba belu inali ya mpando. Lole yathu yaikulu, yomwe dizilo wake tinagonera pa mzere, inali kupanikizana ndi makabaza pafupi ndi msika wa Ndirande itanyamula mpando umodzi, womangidwa bwinobwino ndi zingwe, ataufunditsa tenti kuopa fumbi.

Ndinaimbira mwana wa mlongo wanga uja. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundiphunzitsa zimene akanatha kunena tsiku la chipisi lija. Zonenepazo si zilembo zolembera mawu. Ndi zizindikiro za masamu zimene zinalowa mu Unicode, ndandanda ya zilembo za makompyuta, m'chaka cha 2001, kuti akatswiri azilembera masamu awo. Chilichonse chili ndi nambala yakeyake. Diso la munthu limaona "m" wonenepa, koma kwa kompyuta ameneyo ndi "m" wamba ndi anthu awiri osadziwana n'komwe.

Simenti inafika dzuwa litapendeka. Silabu tinathira mawa lake, makina tinalipira masiku awiri, aganyu tinawagulira nsima.

Lolemba kunali msonkhano ndi mwini mashopu. Ndinatulutsa lipoti mu PDF n'kupulinta osayang'ana. Mtundu wa zilembo wa lipotilo unalibe zizindikiro zamasamu zija, ndiye paliponse pamene panali liwu lonenepa panatuluka timabokosi 9 topanda kanthu, kamodzi pa chilembo chilichonse. Bamboyo anavala magalasi n'kuwerenga mokweza.

"Simenti matumba 200, ndaona. Nanga makatoni 9 awa muli chiyani? Ndipo bwanji ali pa mzere uliwonse?"

Amayi a ku akaunti sanadikire yankho. Anati makatoni amenewo iwo sanaone lisiti lake, ndipo sasaina kalikonse mpaka wina afotokoze.

Tinakonza ndi njira yosasangalatsa konse. Tinawonjezera mzere wotsika wapadera wotchedwa "Changu", wongosankha Inde kapena Ayi. Ukasankha Inde, kaselo kakang'onoko kokha kamafiira, ndipo uthenga umachokera pamenepo, osatinso pa mawu olembedwa. Abwana anayang'anitsitsa n'kufunsa ngati n'kotheka kuti kaseloko kafiire theka, theka linalo likhale lachikasu, pa ntchito zachangu pang'ono. Ndinati ndifunsa. Adalaivala nawo anabweretsa pepala la dizilo wa ku Ndirande, ndipo amayi a ku akaunti analiika pa desiki panga pamodzi ndi bilu ya kalipentala.