Nsomba za ku Durban ndi agalu athu kuno ku Johannesburg

Mnansi wanga wabwerako ku Durban kumene anakawedza m'nyanja yamchere, ndipo wandigawira nsomba zina kuti ndipatse galu wanga. Ndazilandira ndi manja awiri, koma sindinam'ponyere zaziwisi monga tinkachitira ndi mitu ya nsomba kumudzi.

Funso langa loyamba linali la ulendo. Kuchokera ku Durban kufika kuno pa msewu wa N3 ndi makilomita oposa 550, ndipo nsomba monga mackerel ndi tuna zikakhalitsa potentha zimapanga histamine, chinthu chodwalitsa chimene sichitha ngakhale mutaphika motani. Atanditsimikizira kuti zinali mu ayezi njira yonse, mtima wanga unakhala pansi.

Nsomba yaiwisi ikhozanso kukhala ndi nyongolotsi zotchedwa Anisakis, zomwe zimafa ikapsa bwino mpaka mkati, pa madigiri 63. Choncho ndaiwiritsa m'madzi okha, popanda mchere, anyezi kapena adyo, pakuti anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu. Ndachotsa matumbo, ndafufuza ngati munatsalira mbedza, kenaka ndatola minga yonse ndi zala, ntchito yotopetsa kwambiri, koma munga umodzi wokha ukhoza kum'baya pakhosi kapena m'matumbo. Lero ndam'patsa pang'ono kuti ndione mmene m'mimba mwake muilandirire.

Kwa inu amene mumapita ndi agalu kugombe, nsomba yofufuma imene kuno amati blaasop musalole kuti aigwire n'komwe, chifukwa poizoni wake amapha ndipo moto sumuthetsa.