Zimene ndaphunzira pa mapaipi ndi mafyuluta a petulo

Pa maphunziro anga aumakaniko ku Luchenza, mutu umene wandidyera nthawi ndi wa mapaipi ndi mafyuluta a petulo pa galimoto zosinthidwa injini. Zoterezi zilipo m'dera lathu, makamaka mapikapu akale onyamula chinanazi ndi mapeyala kupita ku Limbe, amene eni ake anachotsamo injini ya carburetor (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) n'kuikamo ya ma injector (tizipangizo topopera petulo mu injini), koma mapaipi n'kusiya akale omwewo.

Nkhani yagona pa presha. Carburetor imalandira petulo pa presha ya pakati pa 4 ndi 7 psi (muyeso wa presha), pamene ma injector amafuna pafupifupi 40 mpaka 60 psi. Paipi yolembedwa SAE J30R7 inapangidwira presha yosapitirira 50 psi, choncho siyenera kuikidwa pakati pa pampu ndi ma injector ngakhale ikhale yatsopano. Pamenepo pafunika ya J30R9, imene mkati mwake muli mphira wapadera wopirira presha ndi mafuta. Yomira m'thanki ndi ya J30R10, chifukwa zinazo zimafewa kunja kwake zikakhalitsa m'petulo. Zilembozi zimadindidwa papaipi pomwepo, koma ogula ambiri, ndi amakaniko ena omwe, amangoyang'ana kukula kwa chibowo ndi mtengo.

Kuyambira 1982, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol ameneyu amaumitsa mphira wachikale mpaka kung'aluka, komanso amakoka chinyezi, chimene kuno m'munsi mwa phiri la Mulanje sichisowa, ndipo madziwo ndi amene amabala dzimbiri m'thanki yachitsulo.

Dzimbirilo likutifikitsa pa nkhani ya mafyuluta. Aphunzitsi athu amanena kuti galimoto yokhala ndi pampu yamagetsi ya kunja kwa thanki imafuna mafyuluta awiri: ya mabowo a 100 micron (muyeso wa kukula kwa timabowo) petulo asanalowe m'pampu, ndi ya 10 micron, yomwe ndiyo yosefa kwambiri, atatuluka. Poyamba munthu angaganize kuti yosefa kwambiri ndiyo yoyenera kutsogolera, koma pampu zoterezi zimakankha bwino kuposa mmene zimakokera, moti ikavutika kukoka imayamba kulira, kutentha, kenako kupsa. Kafyuluta kapulasitiki koonekera mkati, kamene kamagulitsidwa motchipa m'mashopu a zipangizo, n'ka carburetor basi, ndipo pa presha ya ma injector kangaphulike n'kuwazira petulo pa injini yotentha.

Mabuku amatchula makilomita oyenera kusinthira fyuluta, koma ine ndikuona kuti chiwerengerocho sichiganizira petulo wa m'zigubu amene anthu amagula mafuta akasowa, wokhala ndi mchenga ndi madzi. Galimoto imene yamwa petulo wotere n'kuyamba kutsamwa pokwera zitunda za Thyolo, ndimayamba ndaona fyuluta yake ndisanakhudze china chilichonse.