Mapuleti osindikizira makatoni: ndinalipira kawiri chifukwa cha timadontho

Makatoni athu atuluka Lachisanu lapitali ndipo ndagona tulo koyamba patatha mwezi wathunthu. Ndikulemba mtima usanazizire, kuti wina wofuna kusindikiza chithunzi pa katoni asalipire kawiri ngati ine.

Timagulitsa uchi ndi mtedza wa makadamiya, ndipo zoikamo katundu zimadutsa m'manja mwanga. Katoni yathu ndi wamba, yofiirira, ya C flute, ija yokhala ndi pepala lopindapinda ngati malata mkati mwake, lotalika pafupifupi mamilimita 4. Amaisindikiza pa makina a flexo, ndiye puleti yake ili ngati chidindo chachikulu chofewa chimene amachikulunga pa silinda. Mapuleti athu akale anapangidwa ndi filimu, ija yonga negetivu ya chithunzi, ine ndisanalowe ntchito. Anatha, m'mbali anayamba kung'aluka, ndipo filimu yake nditaipeza m'kabati inali yokandikakandika. Yotere ndi yotaya basi, chifukwa kuwala kumadutsa pokandikapo ndipo mzere umenewo umakatuluka pa katoni iliyonse.

Kampani yopanga mapuleti ku Johannesburg inandiyankha kuti filimu anasiya, tsopano ndi digital yokhayokha. Ndinavomera mosangalala. M'njira yakale amayala filimu pamwamba pa puleti, kuyamwa mpweya wonse ndi vacuum, kenako kuwalitsa UV, kuwala kumene kumaumitsa malo oyenera kusindikiza, ndipo kafumbi kamodzi kakalowa pakati puleti yawonongeka. Ya digital imabwera yokutidwa kale ndi kansalu kakuda, laser imawotcha malo oyenera kusindikiza, filimu palibe, fayilo imakhala mu kompyuta mpaka tsiku lomwe mudzaifunenso. Njirayi inaonetsedwa koyamba ku chionetsero cha drupa ku Germany mu 1995, ndiye si yachilendo. Pamenepo sindikutsutsa, zilembo zing'onozing'ono ndi barcode zinatuluka zakuthwa kuposa kale.

Chimene sanandifunse n'chakuti, kodi mukusindikiza pa chiyani? Fomu yawo inali ndi malo olemba makulidwe a puleti, ine ndinalemba mamilimita 3.94 monga anandiuzira a ku fakitale, ndinalemba kukula kwa silinda kuti achepetse chithunzi pang'ono popeza puleti imatanuka ikakulungidwa, basi. Za mtundu wa timadontho, tija ta pa puleti timene timapanga chithunzi, panalibe.

Tsiku limene likundiwawabe ndi lomwe tinakayesa mapuletiwo. Ndinafika ku fakitale ya makatoni ku Blantyre 7 koloko m'mawa, makina atatisungira, inki atasakaniza kale. Makatoni oyamba atatuluka, achikulire amene amayendetsa makinawo anangondikodola.

"Achimwene, tabwerani muone kuno."

Pa chithunzi cha zisa za njuchi, pamene mtundu wachikasu umayenera kuzilala pang'onopang'ono, panali mizeremizere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Wakuda, woyera, wakuda, woyera, ngati mbidzi. Malata onse a mkati mwa katoni anaonekera kunja.

"Achikulire, tachepetsani kukanikiza," ndinatero.

Anachepetsa. Mizere inazilala koma zilembo zazikulu zinayamba kutuluka ndi mabala oyera. Anawonjezera, mizere inabwerera. Tinachita zimenezi mpaka nkhomaliro inadutsa. Anasintha anilox, silinda imene imapaka inki pa puleti, anathira madzi mu inki, anatenga makatoni a mtolo wina poganiza kuti oyambawo anamwa chinyezi. Palibe chinasintha. Pofika 4 koloko anatsitsa mapuleti athu n'kukweza ntchito ya kasitomala wina, ndipo mu ofesi anandipatsa invoisi ya tsiku lonse la makina, kuphatikizapo inki ndi makatoni onse owonongeka. Ndinatuluka pageti opanda katoni ngakhale imodzi yogulitsiramo, ndili ndi ngongole m'thumba. Sindiwada a fakitale, makina awo anaimadi. Koma ndalama imeneyo inandipweteka kuposa ya mapuleti.

Achikulirewo ndi amene ananditsegula maso, atatenga puleti yakale ndi yatsopano n'kundipatsa kagalasi kokulitsira. Timadontho ta pa yakale tinali tosalala pamwamba ngati mtondo wovundikira, tokhazikika bwino. Ta pa yatsopano tinali tosongoka ngati nsonga ya chipolopolo. Chifukwa chake ndinachimva bwino pambuyo pake: puleti ya filimu imawalitsidwa mpweya utayamwidwa, pamene ya digital wamba imawalitsidwa pamtetete, ndipo oxygen imalepheretsa pamwamba pa kadontho kuuma mokwanira. Kadonthoko kamachepa n'kubulungira kunsonga. Pa pulasitiki yosalala zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma katoni ili ndi zitunda ndi zigwa. Kuti inki ifike m'chigwa muyenera kukanikiza, ndipo pa chitunda kadontho kosongokako kamaphwanyika n'kufalikira. Mizere ija imachokera pamenepo. Osindikiza amaitcha fluting.

Ndiye tamverani: musanalipire, lembani mu imelo kuti mukusindikiza pa katoni ya malata, tchulani flute yake, ndipo nenani kuti mukufuna flat top dot, kutanthauza timadontho tosalala pamwamba. Zilembedwe, osati pafoni.

Ndaiwala za ku banki. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula zinthu kunja akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. Oda yoyamba ndinadikira masabata awiri kuti malipiro adutse. Yachiwiri ndinayambiranso pamzere womwewo, mapepala omwewo, kenako mtengo wotumizira ndi msonkho, zonse kachiwiri, pa chinthu chimodzi.

Nditawaimbira a ku Johannesburg aja anayankha mosavuta zedi kuti flat top amapanga, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo ndipo sindinapemphe. Apa ndiye magazi anawira. Fayilo yanga inali ndi mizere yodulira ndi yopindira katoni, puleti ya 3.94 ndi ya makatoni, angalephere bwanji kufunsa? Njira zake zilipo zingapo. Ena amawalitsa puleti m'malo odzaza nitrogen kuti oxygen ichoke, monga DigiCorr ya DuPont imene inapangidwira makatoni enieni. Ena amamata kansalu pamwamba, monga LUX ya MacDermid ndi Flexcel NX imene Kodak inatulutsa. Ena amagwiritsa ntchito nyale za UV LED zamphamvu. Onsewa akufuna kubweza chimene filimu inali nacho kale.

Wina atandifunsa lero kuti yabwino ndi iti, ndinganene kuti ngati katoni yanu ili ndi dzina, muvi woloza kumwamba ndi barcode basi, puleti ya filimu kapena ya liquid, yopangidwa ndi mankhwala amadzimadzi ouma ndi UV, ikukwanirani, bola mupeze amene akuipangabe ndipo musunge filimuyo moyala, pouma. Digital wamba pa katoni yokhala ndi chithunzi, ayi, ine sindidzabwerezanso. Digital ya flat top ndi imene yatipulumutsa.

Pa oda yachiwiri ndinachitanso zina ziwiri. Ndinadula chidutswa cha katoni yathu n'kuwatumizira, ndipo ndinawapatsa nambala ya anilox ya ku fakitale kuti asaike timadontho tochepetsetsa kuposa mmene makinawo angakwanitsire. Musawathamangitsenso, puleti yokhuthala chonchi ikatsukidwa ndi mankhwala a solvent imafuna maola angapo mu chowumitsira, ikatuluka msanga imakhala yofufuma mosafanana. Ndipo ndibwereze, flat top dot, mu imelo, pamodzi ndi flute.

Lachisanu achikulire aja anakweza mapuletiwo, anangokhudzitsa pang'ono, katoni yachisanu inali yabwino kale. Mukaipendeketsa padzuwa mizere ikuonekabe patalipatali pa chikasu paja, chifukwa C flute ndi C flute, koma ndinasaina pomwepo. Mapuleti osongoka aja ali m'kabati limodzi ndi filimu yokandika, ndipo imelo yanga yopempha kuti andibwezereko theka sanaiyankhebe.