Kusintha mphira yakunsonga kwa ndodo zoyendera m'mapiri

Ndodo ikayamba kulira kuti ngwe ngwe paphula kapena pathanthwe, mphira ikadali pomwepo, ndiye kuti chitsulo chaboola kale. Ndimaitembenuza n'kuyang'ana kunsi. Ndikaona kadontho konyezimira pakati, kapena mizeremizere yapansi itafufutika ngati tayala lakutha, ndimasintha mphira zonse ziwiri tsiku lomwelo, kuti ndodo zisasiyane magwiridwe.

Kunsonga kuli zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza pogula. Pali kachitsulo kolimba kwambiri ka carbide, kamene kamaluma pansi. Kachitsuloko kanalowetsedwa mu pulasitiki yowonda chakunsi, imenenso imanyamula kambale kotchinga ndodo kuti isamire m'matope. Mphira imangovalidwa pamwamba pa ziwirizi ngati nsapato. Kachivundikiro kopyapyala kamene kamabwera ndi ndodo zatsopano si koyendera ayi, n'kotetezera chikwama kuti chisabooke paulendo. Mukayenda nako, kamatha tsiku limodzi.

Ndisanagule kanthu, ndimachotsa yakaleyo. Ndimagwira ndodo pamwamba pa kambale, n'kupotoza mphira uku ndi uku ndikukoka. Ikakana, ndimaiviika m'madzi otentha kwa mphindi ziwiri kuti ifewe. Apa pamafunika kusamala: ndodo zina za kampani ya Black Diamond, makamaka zopindika m'magawo atatu, nsonga zake ndi zamazinga. Zimenezo sizikokedwa, zimamasulidwa ngati bawuti, ndipo mphira yake ndi yamazinganso. Wokoka ndi mphamvu amangowononga mazinga.

Kenako kuyeza, kumene ambiri amakudumpha n'kukagula mwachiyerekezo. Chofunika ndi kukula kwa bowo la mphira. Ndodo zambiri zam'mapiri zimafuna bowo la mamilimita 11, zina 12. Ndodo zokhotakhota kumutu za agogo ndi ndodo zakuchipatala n'zina: mphira zake zimakhala za 16, 19, 22 kapena 25, ndipo sizigwira pa ndodo yam'phiri ngakhale mutazikulunga bwanji. Ngati palibe choyezera cha amakanika, ndimazunguliza kapepala kopyapyala pamalo pamene mphira imakhala, ndimalemba pamene kakumana, ndimayeza ndi rula n'kugawa ndi 3.14. Mamilimita 35 kuzungulira ndiye 11 m'mimba mwake. 60 ndiye 19. 69 ndiye 22. Popeza pulasitikiyo imawonda chakunsi, ndimayeza pamene panali mlomo wa mphira yakale. Chizindikiro chake chimaoneka, pamakhala poyera kusiyana ndi pena ponse. Koma kunena zoona, njira yachidule ndi kunyamula gawo lakunsi la ndodo n'kupita nalo kusitolo.

Pogula ndimaunika m'kati mwa bowo ndi tochi ya foni. Mphira yabwino imakhala ndi kachitsulo kophwatalala ngati kandalama pansi pa bowo. Ntchito yake ndi yaikulu, chifukwa mphira yakundodo simathera kunja kokha. Nthawi iliyonse mukatsamira ndodo, carbide uja amabowola kuchokera m'kati, ndipo popanda kachitsuloko amatulukira kunja mphira ikadali yatsopano. Zotchipa zambiri zilibe. Ndikapeza zotero, ndimaponyamo ndekha kachitsulo kozungulira kamene amaika pansi pa nati, kokwana bwino m'bowo, kabowo kake kapakati kakhale kakang'ono kuposa carbide. Mphirayo ndimaitsinanso ndi chikhadabo: yolimba gwa ngati pulasitiki imaterereka pa simenti, yofewa kwambiri imagwira koma sichedwa kutha.

Maonekedwe ndimasankha malinga ndi mayendedwe. Yozungulira kunsi ndi ya paliponse. Yooneka ngati kansapato ndi ya Nordic walking, mayendedwe ochokera ku Finland amene ndodo imakankhira kumbuyo, ndipo poivala chala cha kansapatoko chimaloza kumbuyo, osati kumene mukupita. Potsika phiri imeneyi sindiifuna, chifukwa potsika ndodo imaponda kutsogolo ndipo kansapato kamagwira ndi m'mphepete mokha.

Kuvala n'kosavuta. Ndimatsuka nsonga, kuchotsa mchenga ndi dothi louma, n'kuumitsa. Ndimalowetsa mphira ndi dzanja, kenako ndimaimika ndodo pa simenti n'kugogoda pansi katatu kapena kanayi mpaka nditamva kuti yafika. Ikakhala yothina, madzi otentha kapena kadontho ka madzi a sopo kamakwana. Mafuta ayi, girisi ayi: sauma, amawononga mphira, ndipo idzavuka pa matope oyamba. Ikakhala yokhwepa pang'ono, ndimakulunga tepi yakuda ya magetsi kawiri kapena katatu pa pulasitiki. Guluu sindiika, chifukwa mphira iyenera kumavulidwa. Pomaliza ndimaikoka ndi zala ziwiri. Ikatuluka mosavuta, siyoyenera.

Nthawi zina ndikavula mphira ndimapeza kuti vuto lili m'kati: carbide wagwa, kapena pulasitiki yang'aluka. Mphira yatsopano pamenepo ndi kutaya ndalama, pafunika kusintha nsonga yonse. Ndimachotsa kambale, ndimasolola gawo lakunsi la ndodo, n'kuviika nsonga m'madzi owira kwa mphindi zitatu kapena zisanu kuti pulasitiki ndi guluu zifewe. Ndiye ndimatenga sipanala yosintha kukula, ndimaitsegula kuti izitsetsereka pa ndodo popanda kukanda, n'kuitsitsa mwamphamvu kuti imenye mlomo wa pulasitiki. Kawiri katatu, nsonga imadumpha. Lawi la moto sindiyandikiza, makamaka pa ndodo za carbon, chifukwa utomoni umene umagwirizanitsa ulusi wake umawonongeka ndi kutentha, ndodo n'kudzathyoka mutaitsamira. Pulayala nayonso imaphwanya chubu cha carbon ndi kubonyola cha aluminiyamu. Nsonga yatsopano ndimailowetsa n'kugogoda pathabwa, osati pamwala, kuti carbide asabenthuke.

Chotsala ndi kudziwa nthawi yovula. Paphula, pa simenti ndi pathanthwe louma mphira imagwira, imachepetsa phokoso ndi kugwedezeka kwa m'zigongono, ndipo sikanda miyala. Padothi, paudzu ndi pathanthwe lonyowa la ndere, ngati amene mumakumana nawo ku Mulanje chiperoni chikagwa, carbide ndiye amaluma, mphira imaterereka. M'matope ndimavula ndisanalowe. Matope amayamwa mphira, mumazula ndodo yokha, ndipo mumadzazindikira mutayenda kale mtunda. Ndimasunga ziwiri zapadera m'kathumba ka lamba wa chikwama, pamodzi ndi zimene ndavula, momwe dzanja limafika osatula katundu.