Kuthokoza onse amene munatigwira mkono pa matenda a mayi akunyumba

Papita miyezi itatu chitulukireni m'chipatala mayi akunyumba kwanga, ndipo sikungakhale ulemu kukhala chete ngati kuti nyengo ija tinaidutsa tokha. Abale a kuno ku Glasgow amene munkasinthana kukatenga ana kusukulu, amayi a kumpingo amene munkabwera ndi ndiwo zophikaphika, ndiponso akumudzi ku Dedza amene simunatope kuimba foni, landirani kuthokoza kwa banja lathu lonse.

Ambiri mwakhala mukufunsa chimene chinachitika. Tsiku lina anadzuka diso lakumanzere likuona mwachimbuuzi komanso likupweteka akalitembenuza, kenaka miyendo inayamba kuchita dzanzi. Atawajambula ubongo ndi makina a MRI ndi kuwatenga madzi a pamsana, madokotala anati ndi multiple sclerosis, imene amangoitchula kuti MS.

Amene ndikufuna kuwathokoza mwapadera ndi anamwino oona za matendawa, chifukwa anakhala nafe pansi osayang'ana wotchi mpaka tinamvetsa. Ife a ku Malawi tinazolowera kumva za asilikali a m'thupi pamene achepa, koma pa MS vuto si kuchepa kwawo, vuto ndi kusokonera. Maselo oyera a magazi, makamaka otchedwa T, amabowola mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo, n'kuyamba kuwononga myelin, chikutiro chimene chimakuta mitsempha monga pulasitiki amakutira waya wamagetsi. Pamalo pamene chikutirocho chanyotsoka pamatupa, ndipo uthenga wochoka m'diso kapena wopita kumwendo umachedwa kapena kuduka kumene.

Atayeza mkodzo n'kutsimikiza kuti munalibe matenda ena, anawaika diripi ya methylprednisolone, mankhwala a m'gulu la masiteroyidi, mamiligalamu 1,000 pa tsiku kwa masiku atatu. Nditamva mawu akuti masiteroyidi ndinaganiza za anyamata onyamula zitsulo, koma awa ndi a mtundu wina kotheratu, ofanana ndi cortisol amene thupi limapanga lokha. Mankhwalawa amalowa m'kati mwenimweni mwa selo n'kuliletsa kupanga ma cytokine, amene ali ngati mfuu yoitanira asilikali ena kunkhondo. Amachepetsanso kumata kumene kumathandiza maselo a T kukakamira m'mbali mwa mitsempha ya magazi asanadutse mpanda uja, amathandiza mpandawo kutsekekanso, ndipo ena mwa maselo olusawo amafa.

Tsiku lachiwiri ndinaona pa zotsatira za magazi kuti maselo oyera akwera kwambiri, ndipo mtima unandithawa poganiza kuti agwidwa ndi matenda ena. Adokotala, amene ndikuwathokozanso chifukwa sanandiseke, anafotokoza kuti okwerawo ndi ma neutrophil, amene masiteroyidi amawamasula m'mbali mwa mitsempha n'kuwasiya akuyandama m'magazi, pamene ma lymphocyte, gulu limene muli maselo a T aja, anali atatsika monga mmene zimayembekezeredwa.

Masiku amenewo sanali opepuka. Tulo tinasowa, m'kamwa munkamveka ngati atafuna chitsulo, shuga anakwera, ndipo munthu wofatsa uja ankapsa mtima ndi kanthu kakang'ono. Alamu anga, inu amene munachezera nawo usiku wonse osabweza mawu, sindidziwa kuti ndingakubwezereni chiyani.

Pali pempho limodzi kwa nonse amene mukusangalala nafe. Chonde tisamanene kuti achira, chifukwa masiteroyidi amafulumizitsa kutha kwa kutupa koma sachotsa matendawo. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa kutupa kwa mtsempha wa diso, amene zotsatira zake zoyamba zinasindikizidwa mu 1992, anapeza kuti olandira diripi ankayamba kuona msanga, ndipo atawatsatira kwa chaka chathunthu kaonedwe kawo sikanasiyane kwenikweni ndi ka anzawo amene sanailandire. N'chifukwa chake tsopano ayamba mankhwala ena a nthawi yaitali ochepetsa kubwereza kwa matendawa, ndipo asanayambe anawayeza chifuwa chachikulu, poti tinakulira kumene TB ndi yofala.

Diso likuwerenga tsopano, ngakhale kuti zofiira zimaonekabe zofwifwa, ndipo mwezi wamawa abwerera kuntchito masiku awiri pa sabata. Khomo lathu ndi lotsegula monga kale, koma amene muli ndi chimfine kapena chifuwa, tiimbireni foni kaye mpaka mutapeza bwino.