Mmene ndinalembera mpangankhani wamkazi ine ndili mwamuna

Nkhani yaitali yomwe ndangomaliza mpangankhani wake wamkulu ndi mzimayi wa zaka 41, akauntanti pa kampani ina, ndipo akufotokoza yekha, "ine" wa m'nkhanimo ndi iyeyo. Anzanga olemba akumandifunsa kuti unatani kuti asamveke ngati bambo wovala diresi, nde ndati ndifotokoze njira yomwe ndinadzera, mwina wina imuthandiza, kaya ndinu mayi amene mukulimbana ndi mpangankhani wamwamuna.

Poyamba za ukazi wake sindinazikhudze n'komwe. Ndinalemba kaye chomwe akufuna. Wadikira kukwezedwa pantchito kwa zaka zambiri, kenako wapeza kuti ndalama zikusowa m'mabuku ndipo akubayo ndi bwana yemwe anamulowetsa ntchito. Akaulula mpando wapita, akakhala chete siginecha yake ndi yomwe ili pamapepalapo. Ndinachita dala kuti nkhani itsamire pamenepo chifukwa amunafe tikamalemba mkazi timathamangira kumupatsa mwamuna woti azimulirira basi, ngati moyo wake ulibe china.

Dirafuti yoyamba itatha ndinachita kamasewera kena. Chaputala chilichonse ndimachiwerenga ndikuyerekeza kuti mayiyu ndi bambo. Pomwe ali pa kompyuta kuwonkhetsa manambala palibe chimasintha ndipo ndi bwino choncho, masamu sadziwa kuti uyu ndi mkazi. Koma panali malo ena oti zinthu zimayenera kusintha, ndipo ntchito yeniyeni inali pamenepo. Bwana akauza bambo kuti tikambirane madzulo ano awiriwiri, bamboyo amangoganiza za nkhaniyo. Mayiyu akuganiza nkhaniyo inde, komanso kuti tikumana kuti, atiwona ndani, mawa mu ofesi anena chani, ndikakana aziti ndine wamwano, ndikavomera aziti chani, ndibwerera bwanji kukada. Zonsezi m'kamphindi kamodzi nkhope ili phee. Mu miting'i akanena mfundo anthu n'kuidutsa, mwamuna wina n'kuibwereza n'kuwomberedwa m'manja, iye amayesa kaye mawu ake pasikelo asanatsegule pakamwa. Kusiyana kwakukulu ndinakupeza pamenepa, pa mmene anthu amamulandirira ndi masamu omwe iye amachita chifukwa cha zimenezo. Mkwiyo, nsanje, manyazi, kufuna kulemekezedwa, izo ndinazitenga mwa ine ndemwe ndipo zinakwana bwinobwino.

Chovuta n'chakuti asamafotokoze zimenezi ngati akuphunzitsa kalasi. Munthu safotokoza zomwe anazolowera. Akamatuluka mu ofesi usiku makiyi amakhala ali kale m'manja, meseji yapita kale kwa mchemwali wake kuti ndanyamuka, ndipo akuchita izi maganizo ali pa fayilo ija. Wowerenga aziwona yekha.

Za thupi ndinadziikira lamulo: asaime pagalasi n'kumadzifotokoza chiuno ndi mabere. Amenewo ndi maso a mwamuna amene akumuyang'ana. Mwini thupi amalimva kuchokera mkati, nsapato zikuthina, msana ukuwawa chifukwa chokhalitsa pampando, msambo wabwera tsiku lomwe ma auditor, ofufuza mabuku a ndalama, afika nde akuwerengera kuti apita liti kubafa. Ndinatchula kamodzi n'kupitirira, ngati mmene iye mwini angachitire. Ndipo maso ake ndi a akauntanti kuposa china chilichonse, mnzake akabwera ndi chikwama chatsopano iye akuyerekeza mtengo wake ndi salale ya mnzakeyo, n'kuwona kuti sizikugwirizana.

Pa zokambirana ndinagwiritsa ntchito kamayeso kotchedwa Bechdel test, kanatchuka kuchokera mu katuni ya Alison Bechdel mu 1985. Kamafunsa ngati m'nkhani muli akazi awiri, ngati amalankhulana, komanso ngati akulankhula za china osati mwamuna. N'kamayeso kotsika kwambiri, nkhani yoipa ikhoza kukhoza, koma kanandikakamiza kumupatsa anzake aakazi enieni oti azikangana nawo za ntchito, za ngongole, za mayi awo amene akudwala. Ndinawerenganso mabuku olembedwa ndi akazi pensulo ili m'manja, kulemba zomwe apangankhani awo amaziwona poyamba akalowa m'chipinda, komanso zomwe sazitchula n'komwe. Ndipo akazi akamacheza pafupi nane ndinaphunzira kutseka pakamwa, chifukwa ukangoponyapo mawu macheza amasintha.

Pali msampha wina woti chifukwa ukuopa kunenedwa kuti umadana ndi akazi umamusandutsa mngelo, wanzeru kuposa onse, wopirira, wosalakwa. Ameneyo si munthu. Wanga amafufuta imelo yomwe ikanathandiza kafukufuku pofuna kudziteteza, ndi wankhanza kwa kamtsikana kongoyamba ntchito chifukwa akuwona kuti kakukondedwa, ndipo amanama mosaphethira. Atayamba kuchita zoipa m'pamene anayamba kupuma.

Pomaliza ndinapereka kwa owerenga aakazi amisinkhu yosiyana. Sindinafunse kuti mwaikonda, funso limenelo limangobweretsa ulemu. Ndinati chongani paliponse pomwe mwamva mawu anga osati ake. Pomwe onse anachonga ndinasintha osakangana, monga pomwe amafotokoza zovala zake mzere ndi mzere asanapite kuntchito, anati munthu wochedwa amangoganiza kuti chochapa ndi chiti. Koma malo ambiri iwo okha sanagwirizane. Pali pomwe bwana uja akumuopseza iye n'kuseka, wina analemba pambali kuti palibe mkazi angaseke apa, wina pamzere womwewo analemba kuti ine ndikanaseka ndithu, mantha amanditero. Apa ndinasiya kufunsa kuti mkazi angatani, ndinabwerera ku machaputala oyamba kukawona kuti mayi uyuyu amatani akapanikizika, ndinapeza kuti anaseka kale pomwe dokotala amamuuza za matenda a mayi ake. Kuseka kuja ndinakusiya, ndinangowonjezera kuti dzanja lake pansi pa tebulo likunjenjemera.