Hockey yothandiza odwala khansa: pepala limodzi linatsala pang'ono kutigwetsa

Masewera atha, ndalama tapereka, tsopano ndikutha kugona. Koma mtima sunatsikebe, ndiye ndilembe zidakali zotentha, kuti wina wofuna kukonza masewera otere kuno ku Alberta, ku Canada, asadzazunzike monga tazunzikira ife.

Timu yathu ndi ya anthu wamba: oyendetsa mathiraki, aphunzitsi, anamwino awiri, ndi ine amene ndinaphunzira kutsetsereka pa ayezi ndili kale ndi ana. Timasewera usiku kwambiri pakati pa sabata, chifukwa maola abwino amapita kwa matimu a ana. Goloboyi wathu atamupeza ndi khansa ya m'matumbo, tinagwirizana zoitana timu ina ya mu ligi yathu, tisewere, tisonkhetse ndalama zipite ku Alberta Cancer Foundation, bungwe lomwe limathandiza chipatala cha Cross Cancer Institute ku Edmonton. Kuno zimenezi si zachilendo. NHL, ligi yaikulu ya hockey kuno, ndi bungwe la osewera ake anayambitsa Hockey Fights Cancer mu 1998, ndipo kufupi ndi Sherwood Park, Brent Saik ndi anzake akhala akuchititsa World's Longest Hockey Game kuyambira 2003. Mu 2021 anthu 40 anasewera maola 252 panja, kuzizira mpaka ma puck, timipira taphwatalala timene timamenya ndi ndodo, kumasweka. Ife timangofuna maola awiri, m'nyumba. Awiri okha!

Za kupeza timu yolimbana nayo, majezi ndi oyimbira sindikambapo, aliyense wa mu ligi amadziwa. Oyimbira athu anakana malipiro, Mulungu awadalitse.

Nkhani ndi inshuwaransi. Mudziwiretu kuti inshuwaransi imene mumalipira polembetsa mu ligi nthawi zambiri imangogwira masewera a ligiyo. Masewera anu apaderawa mulibe m'menemo. Ofesi ya bwalo inatiuza kuti tibweretse satifiketi ya inshuwaransi ya madola 2 miliyoni, eni bwalo alembedwepo ngati otetezedwa nawo. Chabwino. Tinagula, satifiketi inabwera pa imelo, ine n'kuitumiza. Zii. Sabata yonse osayankha. Ndikaimba foni imalowa pa makina. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinayendetsa galimoto mu sinowo kupita m'tauni yaing'ono ija, n'kupeza chitseko chokhoma, kapepala atamata ndi selotepi: wa mu ofesi amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi basi. Linali Lachitatu. Ndinangoima pamenepo ngati munthu wasenza thumba la chimanga mpaka kuchigayo n'kupeza magetsi azima.

Nditabwerera tsiku lotsatira, mayi wa pa kauntala anayang'ana pepalalo kamodzi n'kulibweza.

"Pepani bambo, dzina ili si lathu."

"Mayi, dzina limeneli ndi lomwe lalembedwa pakhoma panjapo, zilembo zazikuluzikulu."

"Limenelo ndi la kampani imene inalipira kuti dzina lake likhale pa nyumbayi. Eni bwalo ndi bungwe lina."

Dzina la bungwelo silili pa chikwangwani, silili pa intaneti, silinali mu imelo imene iwo omwe anatitumizira. Lili pa fomu imene imakhala mu dirowa yawo. Ndinawafunsa chifukwa chake sanangoyankha imelo n'kundiuza, akuti imelo imeneyo amatsegula ndi munthu wina. Ndiye mverani: musanagule inshuwaransi, apempheni akulembereni dzina lenileni la eni bwalo, lolembetsedwa ku boma, ndi adiresi yake. Akulembereni, osati kukuuzani pa foni. Wogulitsa inshuwaransi anasintha satifiketi mosavuta, koma pamene imafika, tsiku limene tinasungitsa anali atapatsa ena, poti mapepala athu anali "osakwanira". Loweruka madzulo linapita, tinatsala ndi Lamlungu masana, mapositala titasindikiza kale. Tinakhala pansi kufufuta tsiku ndi cholembera chakuda, imodziimodzi.

Ndaiwala za ola. Ola la ayezi si mphindi 60. M'mabwalo ambiri ndi 50, zina 10 ndi za Zamboni yosalaza ayezi. Ngati mukufuna zolankhula, kujambulitsa ndi mwambo woponya puck yoyamba, zonsezo zimadya nthawi yanu yomweyo, ndipo woyendetsa Zamboni sadikira munthu. Belu likalira amatsegula geti. Ife mkazi wa goloboyi wathu analankhula pang'ono, anthu akupukuta misozi, wotchi ikuyenda. Gawo lachitatu tinalifupikitsa. Lipirani ola lina lowonjezera, kapena zolankhula zikachitikire m'chipinda cholandirira alendo.

Kenako 50/50, matikiti a mwayi aja oti theka la ndalama limapita kwa wopambana. Anthu amawakonda kuposa masewera enieniwo, koma simungangogula mpukutu wa matikiti n'kuyamba kugulitsa. Kuno pamafunika laisensi yochokera ku AGLC, bungwe la boma la Alberta loyang'anira masewera a mwayi, ndipo imaperekedwa kwa mabungwe ovomerezeka, osati gulu la abambo ochezera pa WhatsApp. Ife tinadzera ku bungwe lina la m'dera lathu lomwe linali lolembetsa kale, iwo ndiwo anatenga laisensi ndi kusunga mabuku. Mbali imeneyi inayenda bwino, sindidandaula. Amene anapambana anabweza theka lake lonse, monga amachitira ambiri pa masewera otere, koma musamuumirize munthu, ndi zake.

Malisiti a msonkho ndi pamene mungadane ndi abale. Timu singapereke lisiti yochotsera msonkho. Malamulo a Canada Revenue Agency, bungwe la boma lotolera misonkho, amalola mabungwe olembetsedwa okha, ndipo tikiti ya 50/50 ilibe lisiti, ngakhale munthu agule za madola 100. Njira yosavuta ndi kupempha bungwe limene mukulithandiza likutsegulireni tsamba pa intaneti, anthu azipereka okha pamenepo, lisiti imawapeza pa imelo. Opereka ndalama pamanja alembe dzina lonse ndi adiresi pa fomu, zoŵerengeka. Ife tili ndi fomu imene munthu analemba atavala magolovesi, mpaka lero palibe amene wakwanitsa kuiŵerenga. Ndipo muuzeni bungwelo msanga, musanaike dzina kapena chizindikiro chawo pa positala, ali ndi malamulo awo.

Pa ayezi penipenipo munene poyera kuti palibe kugundana, ndipo aliyense avale helemeti, ngakhale achibale olowa kudzajambulitsa. Nthawi zonse pamakhala mmodzi amene amaiwala kuti ndi masewera achifundo. Wathu anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa kunjaku, koma anakhala pa benchi ya chilango kawiri. Tinapangana kuti aliyense wolangidwa aponye madola 20 m'chidebe, ndiye anthu ankamuombera m'manja akamapita. Goloboyi wathu sanasewere, anali pakati pa mankhwala, koma anakhala pa benchi atafunda bulangete, akutukwana amene anamulowa m'malo chifukwa chosiya mpata pakati pa miyendo.

Ndibwerezenso, chifukwa ndikudziwa wina adumpha: dzina la eni bwalo, lolembedwa, musanalipire inshuwaransi. Mufunsenso masiku amene ofesi imatsegula ndi munthu amene amaŵerenga imelo.

Dipoziti yathu mpaka lero sanabweze. Zipinda zovalira tinasesa, tepi yonse ya pa ndodo tinatola pansi, mayi uja anavomera kuti zonse zili bwino. Koma akuti cheke chimasainidwa ndi anthu awiri, ndipo mmodzi anathawira ku Arizona, adzabwera chisanu chikatha.